Ziguduli za a Moffat

Kabokosi kaja kanayamba kulira pakati pa mwezi wa Meyi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ine sindinakhalenso pansi ngati munthu. Pi-pi-pi, pi-pi-pi, pakhoma la wodi ya amayi odwala chifuwa chachikulu, pamene aliyense wodutsa amamva. Akamva amati, "Itanani a Cornelius." Mpopi ukadontha, a Cornelius. Babu likapsa, a Cornelius. Ndine wokonzakonza pachipatala chathu cha mishoni, ndipo kuitanidwa sindidandaula nako. Koma kabokosi aka kanali nkhani ina, chifukwa namwino wa m'wodi imeneyo anali mkazi wanga Fainess, ndipo anali ndi pakati pa miyezi itatu.

Wodiyo inali yatsopano. Omanga anasiya mabowo asanu ndi limodzi m'munsi mwa khoma lakuseri, olowera mpweya wa panja. Kudenga anaikako chipaipi chachikulu chokhala ndi fani yokoka mpweya umene odwala atsokomolera n'kuutaya kunja. M'chipaipimo munali timakutu tiwiri toyang'anizana, tating'ono ngati zitsekerero za botolo. Kena kamaponya kaphokoso, kena kamawakha, kenaka n'kusinthana. Kaphokosoko munthu sakamva, akuti mileme ndiyo imamva. Kakamapita ndi mphepo kamafika msanga, kakamabwerera molimbana ndi mphepo kamachedwa, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kumauza kabokosi kuti mpweya ukuyenda bwanji. Ukachepa, kabokosi kamalamula fani kuti ithamange. Fani ikathamanga mpaka kutha mphamvu mpweya n'kukhalabe wochepa, basi kamayamba kulira.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi mayi Jane, injiniya wa ku Lilongwe amene anabwera kudzalumikiza zinthuzi. Tsiku lochoka anagogoda kagalasi ka kabokosi ndi chikhadabo.

"Nambala iyi ikakhala pa thwelofu, anthu anu akupuma bwino," anatero. "Ikatsika kufika pa sikisi, ingodziwani kuti akupumirana."

Liwu lakuti akupumirana linandikhala pamtima. Ndiye m'mawa umene kanayamba kulira ndinathamanga, ndinapeza nambala ili pa folo. Folo! Fainess anali m'katimo akugawa mankhwala, bedi ndi bedi, akuwerama pafupi ndi pakamwa pa wodwala aliyense. Ndinayima pakhomo ndikumuyang'ana. Pofika masana nambala inakwera yokha mpaka thwelofu, kabokosi n'kukhala chete ngati sikanalakwe kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku la mitambo nambala siinkadzuka n'komwe, inkagona pa folo mpaka ife kuweruka.

Ine ndinati kachipangizoka kafa. Nanga ndikanati chiyani? Zinthu zobwera m'makatoni zimafa, taziona. Ndinakwera m'siling'i, ndinapukuta timakutu tija ndi sipiriti, ndinasintha mawaya, ndinamanganso masikulu amene anali omanga kale. Tsiku lina ndinapezamo zitosi za mileme, mutu n'kundiuza kuti: ohoo, poti mileme imamva kaphokosoka, ndiye kuti ikukayankha. Abale, masiku atatu athunthu ndinathamangitsana ndi mileme m'denga, munthu wamkulu wa ndevu zanga, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Mileme inasamuka. Nambala inakhalabe pa folo.

Ndinaimbira mayi Jane.

"Timakutu timeneto sitinama kawirikawiri," anatero. "Mabowo olowera mpweya mwawayang'ana?"

"Ndawayang'ana, mayi."

Sindinaname. Ndinawayang'anadi, onse asanu ndi limodzi, nditagwada m'kati mwa wodi dzuwa lili paliwombo, ndipo kuwala kunkaoneka bwinobwino kudzera m'waya. Ndinawafunsanso ngati si chisanu chikusokoneza kaphokosoko, poti nambala imatsika kukazizira. Anati zimenezo kabokosi kamazidziwa kale, kamadzikonzera kokha. Ndinadula foni ndikung'ung'udza kuti anthu a ku Lilongwe amayankha ali pampando wozungulira.

Anamwino anatopa nako kulira kuja, wina anamata pulasitala pakamwa pa kabokosi. Nditaiona ndinaimatula mwaukali mpaka penti inatsatira. Ndinapita kwa ametuloni, mkulu wa anamwino, kukapempha kuti Fainess amusinthe wodi. Anatambasula manja, anati anamwino alipo atatu pamene pafunika asanu ndi atatu, ndimuchotse ndiike ndani? Mamasiki nawo anali atachepa, imodzi ankavala sabata yonse mpaka zingwe kutamuka. Kunyumba ndinayamba kumuuza Fainess kuti angonama kuti akudwala.

"Ndikanama ine, amayi khumi ndi awiri aja mankhwala awapatsa ndani?" anandifunsa. "Inuyo?"

"Ndiye mukufuna mudwale zenizeni?"

"A Cornelius, idyani. Mwawonda kuposa odwala anga. Kapena mwakwatira kabokosi kaja, mundiuze ndikatenge katundu wanga."

Iye ankaseka, ine ayi. Mantha ndinali nawo, ndinene mosabisa. Chakudya sichinkatsika.  Lamulungu lina ndinatuluka m'tchalitchi abusa ali pakati pa ulaliki, kuthamanga kukaona nambala, n'kubwerera nthawi ya zolengeza anthu akundiyang'ana ngati ndatsegula m'mimba. Masabata asanu ndi awiri ndinakhala moyo umenewo.

Masiku onsewo kuseri kwa wodi kunkakhala mkulu wina. Ndinkamudutsa ndi makwerero anga kawiri katatu patsiku. Anali wamtali, wowonda, wa jekete yothothoka m'zigongono, ndipo ankakhala panjerwa pansi pa zenera lachitatu. Dzina lawo a Moffat, a ku Lisasadzi. Akazi awo, mayi Feliya, anali pabedi la pazenera limenelo. Analibe mwana wamkazi pafupi woti awadikirire, ndiye gadiyani anali mwamuna wawo yemweyo, koma mwamuna saloledwa kukhala m'wodi ya amayi kupatula nthawi yoona odwala. Choncho ankadikirira panja, msana atatsamira khoma. Tsiku lina ndikudutsa anandiyimitsa.

"Bwana, balani lanuli likukoka kwambiri."

"Si balani ili, madala, ndi chipatala," ndinatero osaima n'komwe. Ndinali ndi mileme yoti ndithane nayo.

Zinadziwika m'sabata yoyamba ya Julaye. Ndinalawira cha m'ma sikisi, chisanu chili chobaya m'mafupa, ndinakwera pamwamba pa denga kuti ndikamvetsere fani kumene imatulutsira mpweya. Inkalira mokakamizika, koma nditaika dzanja pakamwa pa chipaipi, mpweya wotuluka unali wochepa zedi. Ndili chomwecho ndinayang'ana pansi. A Moffat anali atagwada pabowo lachitatu, khutu ataligunditsa kukhoma. Anamvetsera, anagwedeza mutu, kenaka anatenga chiguduli chopindapinda n'kuchikankhira m'bowomo ndi kamtengo, n'kutsekapo ndi njerwa. Ndinayendetsa maso khoma lonse. Mabowo onse asanu ndi limodzi anali ndi njerwa pakamwa.

Mmene ndinatsikira makwerero aja sindikudziwa. Ndinangozindikira ndaima pamaso pawo chiguduli chili m'manja mwanga.

"Ndinu? Masabata onsewa ndinu? Ine kukwawa m'denga ngati khoswe, inu muli pano mukutseka mabowo anga!"

Anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi m'mawondo. Sanaoneke ngati munthu wogwidwa. Ankaoneka ngati munthu amene wasokonezedwa pantchito.

"Sinditseka tsiku lonse, bwana. Dzuwa likakwera ndimatsegula, awiri kaye, kenaka onse. Ndimayamba ndamvetsera."

"Kumvetsera chiyani? Anakutumani ndani?"

"Ine ndaotcha fodya m'mabalani a paesiteti zaka makumi atatu ndi chimodzi," anatero. "Balani limalankhula, munthu umangofunika khutu. Ili ndinalimva tsiku loyamba kuti likukoka mopitirira. Fodya akangolowa kumene amakhala wanthete. Umatseka mabowo apansi kuti afunde, apse pang'onopang'ono. Ukamuombetsa mphepo msanga wamupha."

"Muli anthu m'menemo, si fodya!"

"Ndikudziwa kuti muli anthu. Muli mkazi wanga." Analoza bowo lachitatu ndi kamtengo kaja. "Ili lili kumutu kwa bedi lake. Munthu watsala mafupa okhaokha. Kukamacha ndimamva mano ake akugundana ndili panja pano. M'kati simundilola. Bulangete langa ndinamupatsa kale, ine ndimafunda jeketeyi. Ndiye ndimuchitire chiyani china? Ndinatseka lakelo. Amayi enawo ataona kuti mnzawo wagona bwino anandipempha pazenera kuti nawonso ndiwatsekere. Ndikanakana?"

Munthu wanzeru akanafatsa pamenepo. Ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndinaponya chiguduli chija pansi, ndinakankha njerwa ndi phazi mpaka chala kuphweteka. Ndinawauza kuti ndikawanenera kwa akuluakulu awathamangitse pachipatala pano, akadikirire mkazi wawo kumsewu. Ndinawauza za tizilombo, za nambala, za folo ndi thwelofu, malovu akuthovoka. Iwo ankangondiyang'ana pakamwa. Ndinaona kuti palibe chimene chikulowa.

"Wanga mkazi alinso m'menemo!" ndinakuwa. "Ndi woyembekezera! Akupuma zimene akazi anu akutsokomola!"

Zenera lachitatu linatseguka. Anali Fainess, atangofika kumene pantchito, masiki ili pachibwano.

"A Cornelius, mwadzutsa wodi yonse. Awa ndi msinkhu wa bambo anu, alankhuleni bwino." Kenaka anatembenukira kwa mkulu uja. Fainess anakulira pafodya, bambo ake anali atenanti, ndiye anadziwa pogwira. "Bambo, ndifunse nawo. Fodya uja akafunda, wasanduka wachikasu, inu osatsegula mabowo, amatani?"

"Aaa, ameneyo waonongeka, mwana wanga. Amachita thukuta. Thukuta lakelo likasowa kotulukira limamubwerera, amayamba kuola. Tsamba limodzi likaola limapatsira anzake, balani lonse limatha."

"Muno thukuta lake ndi chifuwa," anatero Fainess. "Chikasowa kotulukira chimabwerera kwa amayi, chimapita kwa anzawo, chimabwera kwa ine."

 A Moffat anayang'ana zenera, anayang'ana mimba ya Fainess imene inali itayamba kuonekera pansi pa yunifolomu.  Kenaka anagwada n'kuyamba kuchotsa njerwa. Bowo loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi, akusolola ziguduli n'kuziunjika pambali. Pamwamba fani inasintha kaliridwe, inayamba kupuma momasuka. M'katimo kabokosi kanasiya kulira. Nditakayang'ana, nambala inali pa thwelofu, nthawi isanakwane n'komwe seveni koloko.

Sindinakawanenere. Bedi la mayi Feliya tinalisunthira pakati, amayi a kutchalitchi anasonkha mabulangete, nkhani inathera pomwepo. A Moffat anasanduka mlonda wa mabowo aja. Gadiyani wina akangoyanika chitenje pafupi, ankamuthamangitsa. Ndikamadutsa m'mawa ankapendeka mutu, kumvetsera fani, n'kunena kuti, "Lero thwelofu, bwana." Ndikakaona, inalidi thwelofu. Koma ine moni wawo ndinkayankha ndi mphuno. Mtima wanga unali usanatsike, ndinkangowerenga masabata asanu ndi awiri aja.

Mayi Feliya anatuluka kumayambiriro kwa Ogasiti, akuyenda okha, kukapitiriza mankhwala kunyumba. Sabata yomweyo Fainess anayamba kutsokomola.

Anati ndi fumbi. Ogasiti kuno ndi mwezi wa mphepo, minda ya fodya ili mbee, fumbi limalowa mpaka m'kabati. Ine ndinavomera kuti ndi fumbi chifukwa ndinkafuna likhale fumbi. Sabata yachiwiri chifuwa chinalipobe. Sabata yachitatu ndinaona kuti mimba ikukula koma mikono ikuchepa, ndipo m'mawa pilo ankakhala wonyowa ndi thukuta. Namwino amadziwa. Anatenga yekha kabotolo, anapereka makhololo ku labu, ine ndinakhala pabenchi panja. Kukhala kwake kunali kotani? Ndinadzuka, ndinakayang'ana thanki ya madzi imene inalibe vuto, ndinabwerera, ndinadzukanso. Kenaka anatuluka. Anangondipatsira kapepala ka zotsatira, n'kukhala pambali panga.

Adokotala anayesetsa kundikhazika mtima pansi. Anati mankhwala alipo, ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwana savulala nawo. Anati Fainess wagwira ntchito ndi odwala chifuwa zaka zisanu, palibe angadziwe kuti anachitenga liti, kapena kuti. Ndinawamva. Koma ine ndinkadziwa zanga. Munthu anandiyimitsa n'kundiuza kuti balani likukoka kwambiri, ine n'kumuyankha mwachipongwe, kuthamangira mileme. Ndikanangoima n'kufunsa kuti mukutanthauza chiyani, bambo, zikanatha mu Meyi. Mkwiyo wanga unalibe pokhala. Ukapita kwa a Moffat unkabwerera kwa ine, ukafika kwa ine ndinkaubwezanso kwa a Moffat.

Mbiri imayenda. Loweruka lina masana ndinamva belu la njinga pakhomo. Ndinatuluka, ndinapeza ndi a Moffat, fumbi lili m'nsidze, apalasa kuchokera ku Lisasadzi. Sanafike pakhonde. Anaimika njinga patali, anavula chipewa, anamasula kamtolo pakaliyala.

"Ndamva za mwana wathu," anatero. "Ndilibe mawu, bwana. Ili ndi bulangete lija ndinamupatsa mkazi wanga m'chipatala. Talichapa, taliyanika padzuwa masiku atatu. Ndi lotentha bwino."

Ndinalandira chifukwa mkulu sumubwezera chinthu m'manja. Koma sindinawapatse mpando, sindinawafunse za kunyumba, ngakhale madzi akumwa sindinawapatse, munthu wapalasa mtunda wonsewo. Anaima pang'ono, anavala chipewa, anakwera njinga. Ine ndinalowa n'kuponya bulangetelo pamwamba pa kabati. Fainess anafunsa ali kuchipinda kuti kunabwera ndani. Ndinati wogulitsa makala.

Adokotala anali atatilangiza kuti kuchipinda mazenera azikhala otsegula, mpweya uzidutsa. Ine ndi amene ndinkadziwa bwino zimenezo kuposa wina aliyense pachipatala paja. Ndinachita kukhomera kamtengo kuti zenera lisamadzitseke.

Patapita masiku anayi kunacha ndi mwera woopsa. Ndinali pabalaza ndikuvala nsapato kuti ndizipita kuntchito, ndipo ndinamva kaphokoso kuchipinda, ngati wina akugogoda supuni pakapu. Ndinalowa. Fainess anali atadzipinda, mawondo atafika pamimba, zofunda zonse za m'nyumba zili pa iye, koma thupi lonse likunjenjemera. Kaphokoso kaja anali mano ake. Katani inkauluka, mphepo ikumuomba kumaso.

Sindinaganize chilichonse. Ndinazula kamtengo kaja, ndinakoka zenera, ndinalitseka. Mphepo inkalowabe pampata wa m'munsi mwa felemu. Ndinatola chitenje chakale pampando, ndinachipinda, ndinagwada, n'kuyamba kuchikankhira mumpatamo ndi chala. Ndinachita kupendeka mutu kuti ndimve ngati mphepo yasiya kulira.

"A Cornelius."

Ndinatembenuka ndili chigwadire.

"Musatseke," anatero, mawu akudukaduka ndi chisanu. "Nanunso mumapuma muno."

Ndinayang'ana chitenje chili m'manja mwanga, ndinayang'ana mawondo anga pansi. Misozi inangotuluka yokha, ine munthu wosalira pamaliro. Ndinasolola chitenje chija, ndinatsegula zenera, ndinabwezeretsa kamtengo. Mwera unalowanso ndi fumbi lake. Kenaka ndinakwera pampando, ndinatsitsa bulangete la a Moffat pamwamba pa kabati, ndinalikung'untha, n'kumufunditsa mpaka m'khosi.

"Ili lachokera kuti?" anafunsa.

"Sanali wamakala uja," ndinatero. "Loweruka ndipita ku Lisasadzi."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi nditamugwira phazi, mpaka mano anasiya kugundana.